Chisanu choyamba ku Barrie: za galimoto, ana ndi magetsi sinowo ikamabwera

NaPhiri_Barrie

Moni nonse abale. Tangosamukira kuno ku Barrie, Ontario, ndipo chisanu chikubwerachi ndi choyamba kwa ife. Ntchito ndimagwira ku Newmarket, kulowa 7 koloko m'mawa, ndipo ndimadutsa Highway 400 pa kagalimoto kakang'ono kokokera matayala akutsogolo. Ana awiri amakwera basi ya sukulu. Aliyense akungoti konzekani, koma kukonzeka kwake sakukunena. Kodi matayala a chisanu ndi ofunikadi, kapena ndi malonda chabe? Chenjezo likabwera pa foni, ndidziwa bwanji kuti lero ndi lonyamuka kapena lokhala pansi? Basi ya ana ikalephereka, sukulu imatsekedwanso? Nanga magetsi akazima kunja kuli -20°C, m'nyumba timaotha chiyani? Thandizeni.

Malume_Gondwe

Takulandirani achemwali. Ine ndiyankha za galimoto, zinazo ena athandiza.

Matayala a chisanu gulani, musazengereze. Lamulo la Ontario silikakamiza, ku Quebec ndiye amakakamiza kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 15 Malichi, koma msewu wa 400 sufunsa lamulo. Vuto lili pa mphira. Tayala wamba la all-season limauma kukazizira kutsika pa 7°C, moti silimamatiranso msewu ngakhale pamalo pouma. La chisanu limakhalabe lofewa, ndipo lili ndi timing'alu tambirimbiri toluma sinowo. Pogula yang'anani m'mbali mwa tayala chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu chokhala ndi kaduwa ka sinowo mkati. Zilembo za M+S pazokha sizikwanira.

Ikani onse anayi. Ena amaika awiri kutsogolo pofuna kupulumutsa ndalama. Zotsatira zake kutsogolo kumagwira, kumbuyo n'kuterereka, pakona galimoto imatembenuka kuyang'ana kumene mwachokera. Ngati mukugula ogwiritsidwapo kale ntchito, yezani kuya kwa mizere, kusachepere mamilimita 4. Onaninso manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT m'mbali mwa tayala: 3521 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 35 chaka cha 2021. Lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi lisiyeni ngakhale likuoneka latsopano. Mukakwanitsa, agulireni marimu awoawo achitsulo, kusintha kumatchipa chaka ndi chaka. Malo ku garaja sungitsani mu Okutobala, chifukwa sinowo yoyamba ikangogwa mzere umatalika. Akakuikirani, mukayenda makilomita pafupifupi 100 bwererani akamangitsenso manati. Kenako imbirani a inshuwalansi: kuyambira 2016 makampani a ku Ontario amayenera kutsitsako mtengo kwa amene waika matayala a chisanu, koma ambiri satsitsa mpaka muwauze nokha.

Mpweya m'matayala umatsika pafupifupi 1 psi (muyezo wa mpweya wa m'tayala) kukazizira ndi madigiri 5 kapena 6 aliwonse. Yezani m'mawa musanayende, ndipo tsatirani nambala yolembedwa pa chitseko cha dalaivala, osati ya pa tayala.

Batire ngati lapitirira zaka zinayi kaliyezetseni. Kuzizira kumalifooketsa pa nthawi yomwe oilo walimba ndipo injini ikufuna mphamvu zambiri kuti ilire. Madzi otsukira galasi akhale olembedwa -40. A m'chilimwe amaundana m'timapaipi, ndiye thiraki ikakuwazani matope amchere mawaipa amangopaka, osaona kanthu. Chigubu china chizikhala m'buti. Mafuta asatsike kupitirira theka la thanki.

M'butimo muzikhalanso fosholo yaing'ono, burashi yokhala ndi chopalira ayezi, zingwe zolumikizira batire, tochi, bulangeti, magolovesi ndi masokosi apadera, chingwe chotchajira foni, zakudya zouma, ndi kathumba ka mchenga kothira pansi pa matayala mukatitimira.

M'mawa patulani mphindi 15 zochotsa sinowo. Yambani denga, kenako magalasi onse, boneti, magetsi ndi nambala. Ya padenga mukaisiya, pogwira buleki imatsetserekera pa galasi lakutsogolo n'kukutsekani maso, kapena imaulukira wakumbuyo. Madzi otentha pa galasi ayi, limang'aluka. Mawaipa ngati amatirira, amasuleni ndi dzanja musanawayatse, apo ayi mupsereza fyuzi kapena kamota kake. Nthunzi ikadzaza mkati, yatsani AC pamodzi ndi hita ndipo zimitsani batani lozungulitsa mpweya wam'kati.

Pa msewu zonse zichitike pang'onopang'ono: kunyamuka, kukhota, kuima. Siyani mpata wa masekondi 8 kapena 10 kuchokera kwa wakutsogolo, chifukwa pa ayezi mtunda woimira ukhoza kuchuluka kakhumi. Cruise control, ija yosunga liwiro yokha phazi lisali pa mafuta, izime. Yatsani magetsi onse ndi dzanja, poti magalimoto ambiri akale nyali zamasana zimayaka kutsogolo kokha, kumbuyo kuli mdima. Mukaponda buleki mwadzidzidzi n'kumva ikunjenjemera pansi pa phazi, imeneyo ndi ABS ikugwira ntchito, pondanibe osachotsa phazi. Kumbuyo kukayamba kuterereka, chotsani phazi pa mafuta, maso ndi chiwongolero ziloze kumene mukufuna kupita. Milatho imaundana msanga kuposa msewu chifukwa mphepo imadutsa pansi pake. Magalimoto okokolola sinowo, a nyali yabuluu aja, pa 400 amayenda mondondozana kutseka mizere yonse. Khalani kumbuyo kwawo ndithu, kutsogolo kwawo msewu ndi wosakonza.

Mayi_Chisale

Amalume anena zoona. Ine ndiwonjezere za kuwerenga nyengo, chifukwa Barrie ili ndi khalidwe lakelake.

Sinowo ya kumeneko ili mitundu iwiri. Woyamba ndi namondwe wamkulu wochokera kummwera chakumadzulo, amene amakuta dera lonse. Ameneyu amaoneka pakadali masiku awiri kapena atatu, mumakhala ndi nthawi. Wachiwiri ndi umene amati snow squall, ndipo ndi umene umachititsa kuti Barrie izilandira sinowo yoposa mamita awiri pa chaka, pafupifupi kuwirikiza kawiri ya Toronto. Mphepo yozizira kwambiri yochokera kumpoto chakumadzulo ikadutsa pamwamba pa madzi a Georgian Bay, amene amakhala asanaundane, imatola chinyezi n'kudzakhuthula pamtunda. Imagwa m'mizere yopapatiza, mwina makilomita ochepa chabe m'lifupi. Ndiye mukhoza kunyamuka pakhomo kumwamba kuli mbee, kufika ku Innisfil osaona ngakhale boneti, ku Bradford dzuwa likuwala. Zimachuluka kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka Januwale, nyanja isanagwire ayezi. Choncho kusuzumira pa windo sikukuuzani chilichonse za ulendo wanu.

Ikani pa foni mapulogalamu awiri: WeatherCAN ya Environment Canada, ofesi ya boma ya zanyengo, komanso Ontario 511 ya zamisewu. Pa WeatherCAN, watch ndiye kuti zikhoza kuchitika, warning ndiye kuti zayamba kapena zili pafupi. Tsegulani radar, muiyendetse, muone ngati mzere wadutsa pa 400 komanso ngati ukusuntha kapena waima. Woima ndiye woopsa, umaunjika malo amodzi. Pa 511 pali makamera a pamsewu ndi malo otsekedwa. Apolisi a chigawo cha Ontario (OPP) akatseka msewu, kuyendapo ndi mlandu.

Manambala a masentimita asakusokonezeni. Masentimita 15 ogwa pang'onopang'ono usiku wonse, okokolola amawakwanitsa. Masentimita 5 pa ola limodzi nthawi ya 6 koloko m'mawa sawakwanitsa. Pa 17 Januwale 2022 zinatero ku Toronto: sinowo inagwa mothamanga m'mawa, mabasi a mumzindawo (TTC) mazanamazana anatitimira, misewu ya Gardiner ndi Don Valley Parkway inatsekedwa. Yang'anani nthawi yogwera, liwiro la mphepo, ndi mawu oti freezing rain. Imeneyi ndi mvula yogwa ngati madzi koma youndana ikangokhudza pansi, ndipo matayala a chisanu nawo sathandiza kwenikweni. Ikalengezedwa pa nthawi ya ulendo wanu, ine ndingati musayende.

Chiganizo chipangeni madzulo, osati 5 koloko m'mawa muli ndi tulo m'maso. Thirani mafuta, tchajani foni, imikani galimoto choyang'ana kumsewu, dziwitsani abwana kuti mwina muchedwa. Ngati ntchito ndi yosajombeka, monga ya chipatala kapena yosamalira okalamba, njira ndi ziwiri: kukagona pafupi ndi kuntchito, kapena sitima ya GO, imene imanyamukira ku Allandale Waterfront ndi Barrie South n'kuima ku Newmarket. Onani ndandanda yake pasadakhale ngati ikugwirizana ndi 7 koloko yanuyo. Dziwaninso kuti tsiku lolephera kupita chifukwa cha sinowo silimangolipidwa lokha, zimatengera mgwirizano wanu ndi olemba ntchito. Funsani lero, chisanu chisanafike.

Za ana: amene amalengeza za mabasi ndi Simcoe County Student Transportation Consortium, m'mamawa cha m'ma 6 koloko, ndipo amalengeza m'zigawo, choncho dziwani chigawo cha sukulu yanu. Kawirikawiri mabasi akalephereka sukulu imakhala yotsegula. Koma basi yolephereka m'mawa sibweranso masana. Mukakawasiya nokha, mukawatenganso nokha. Vuto lanu ndi loti 6 koloko mudzakhala muli kale pa msewu. Pezani neba kapena kholo lina logwirizana nalo za masiku oterewa, ndipo dzina lake likalembedwe ku ofesi ya sukulu, apo ayi sadzamupatsa ana.

China chimene chimadyera anthu ndalama: ku Barrie saloleza kugoneka galimoto mumsewu usiku kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 31 Malichi, kaya sinowo yagwa kaya ayi.

Kabaza_wa_Orillia

Wina adzakuuzani kuti gulitsani kagalimotoko mugule ya AWD, yokokera matayala onse anayi. Musapupulume. AWD imathandiza kunyamuka ndi kukwera chitunda, poima magalimoto onse amadalira matayala anayi omwewo. Kagalimoto kanu kali ndi matayala abwino kamaima msanga kuposa SUV ya pa all-season.

Za pakhomo palibe wanena. Fosholo gulani ziwiri, yotakata yokankhira ndi yaing'ono yonyamulira. Musadikire kuti isiye kugwa, chotsani ikafika masentimita 5 mpaka 10. Powerengera, malo oimika galimoto a mamita 3 kwa 10 atakutidwa ndi masentimita 20 ndi makyubiki mita 6. Yopepuka ndi makilogalamu 600 kapena kucheperapo, yonyowa imapitirira tani imodzi ndi theka. N'chifukwa chake anthu a BP ndi a vuto la mtima amagwa ndi ntchito imeneyi. Kankhani m'malo monyamula, pindani mawondo, pumulani pafupipafupi. Chifuwa chikathina kapena kupweteka kukatsikira ku mkono, siyani pomwepo muimbe 911.

Wokokolola akadutsa amasiya chimulu pakamwa pa geti. Chichotseni msanga chisanaume, chikagona chimasanduka mwala. Mukaima choyang'ana kumsewu, unjikani sinowo kudzanja lamanja, chifukwa iye amachokera kumanzere, ndiye ya kumanzere amakubwezerani. Kutayira sinowo mumsewu ndi kosaloledwa ku Ontario.

Mchere wamba umagwira bwino mpaka cha m'ma -10°C, kutsika apo umangokhala phee pamwamba pa ayezi. Kukazizira kwambiri gwiritsani calcium chloride kapena mchenga. Kapu imodzi ya tiyi imakwana masitepe ndi kanjira kapakhomo. Wambiri umadya simenti ndi nsapato. Ngati muli pa lendi, onani pepala la mgwirizano kapena funsani alandilodi kuti ntchito yochotsa sinowo ili m'manja mwa ndani.

Nesi_NaBanda

Funso lomalizalo ndi limene landikoka. Achemwali, mbaula m'nyumba ayi. Makala, chowotchera nyama cha panja, kasitovu ka gasi ka kumsasa, jenereta, zonsezi zisalowe m'nyumba kapena m'garaja, ngakhale chitseko chili chotsegula. Kwathu mbaula imapha kale anthu m'miyezi ya Juni ndi Julaye akagona nayo, chikhalirecho nyumba zake zimalowetsa mphepo m'mazenera ndi kudenga. Za kuno anazimata paliponse kuti kutentha kusathawe, ndiye mpweya wa carbon monoxide nawo suthawa. Sununkha, suoneka. Umayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi tulo, ngati chimfine. Mukaona banja lonse ladwala nthawi imodzi, tulukani panja kaye, foni muimbire kunjako. Pa namondwe wa ayezi wa Disembala 2013, makasitomala a Toronto Hydro pafupifupi 300,000 anakhala opanda magetsi, ndipo anthu ambiri anathamangira nawo kuchipatala chifukwa cha mpweya umenewu. Uvuni wa gasi nawo si wotenthetsera nyumba. Jenereta ikhale panja, mamita 6 kuchokera pa mawindo ndi zitseko.

Lamulo la Ontario limafuna alamu ya carbon monoxide pafupi ndi zipinda zogona ngati nyumba ili ndi chipangizo choyaka ndi gasi, mafuta kapena nkhuni, kapena garaja yolumikizana ndi nyumba. Dinani batani lake mwezi ndi mwezi. Zungulirani nyumba mupeze mapaipi otulutsa utsi wa furnace (makina otenthetsa nyumba), kawirikawiri ndi apulasitiki oyera otulukira m'mbali chapansi. Sinowo ikawatseka, furnace imazima kapena utsi umabwerera mkati. Mukamachotsa sinowo pakhomo, pitaninso pamenepo.

Furnace ya gasi imafunanso magetsi kuti fani izungulire, choncho magetsi akazima nayo yazima. Mukatero sonkhanani m'chipinda chimodzi chaching'ono, tsekani zitseko za zipinda zina, tsekani pansi pa chitseko ndi thaulo, makatani atsekedwe usiku, valani zipewa, fundani pamodzi. Nyumba sizizira nthawi imodzi, zimatenga maola angapo. Kukafika povuta, imbani 211 akuuzeni malo otenthera amene atsegulidwa pafupi. Tochi ndi yabwino kuposa kandulo pamene pali ana.

Boma la Canada limalangiza kusunga zokwanira maola 72: madzi akumwa malita 2 pa munthu pa tsiku, zakudya zosafuna kuphika, chotsegulira zitini chamanja, mankhwala, mabatire, power bank yodzaza ndi ndalama pang'ono zapamanja. Kwa anthu anayi ndi malita 24, onjezerani osamba ndi otsukira. Firiji yosatsegulidwa imasunga chakudya maola 4, firiza yodzaza maola 48, ya theka maola 24.

Mapaipi: madzi akaundana amafufuma pafupifupi 9 peresenti n'kung'amba paipi, koma mumadziwa pamene asungunuka, madzi ali m'nyumba monse. Dziwani lero pamene pali vavu yaikulu yotsekera madzi. Kukazizira kwambiri tsegulani zitseko za kabati ya pansi pa sinki, mpopi uzidontha pang'ono. Magetsi akakhalitsa osayaka, tsekani vavuyo n'kutsegula mipopi yonse madzi atuluke. Paipi youndana isungunuleni ndi chowumitsira tsitsi kuyambira kumpopi, osati ndi moto. Pa lendi, ngati kutenthetsa nyumba kuli m'manja mwa alandilodi, lamulo limati m'nyumba musatsike pa 20°C kuyambira pa 1 Sepitembala mpaka pa 15 Juni.

NaPhiri_Barrie

Zikomo kwambiri nonse, za basi yosabwera masana sindikanaziganiza. Mafunso awiri otsala. Ana ndiwagulire zotani zodikirira basi? Ndipo ndikatitimira pa 400 pakati pa snow squall, ndituluke kukafuna thandizo kapena ndikhale m'galimoto?

Nesi_NaBanda

Zovala zikhale zosanjikiza katatu. Chamkati chogwira thupi cha ubweya kapena polyester, chapakati juzi kapena fleece, chakunja jekete ndi thalauza la sinowo zosalowa mphepo ndi madzi. Thonje lisakhudze khungu, limamwa thukuta n'kukhala lonyowa, mwana n'kuyamba kunjenjemera. Magolovesi ophatikiza zala amatentha kuposa a chala chilichonse pachokha, ndipo gulani awiriawiri, amatayika komanso amabwera atanyowa. Mabuti akhale okulirapo pang'ono, sokosi imodzi yokhuthala yaubweya. Kuthinitsa phazi ndi masokosi atatu kumatseka magazi, phazi limazizira msanga. Chipewa chitseke makutu. Madzulo tulutsani zamkati mwa mabuti ziume. M'galimoto, mwana wa pa mpando wa ana avule chijekete chofufuma musanamange malamba, pangozi chimaphwa malamba n'kukhwepa. Mumfunditse pamwamba mutamanga.

Nambala yoyang'ana m'mawa ndi wind chill, kuzizira kophatikiza ndi mphepo. Kuyambira -28 mpaka -39 khungu losavala likhoza kuundana m'mphindi 10 mpaka 30. Mapepala ambiri amati khungu limafiira kenako kuyera, koma pa khungu lathu lakuda zimenezo sizioneka msanga. Yang'anani kutuwa, kulimba ngati kandulo, ndi dzanzi pa makutu, mphuno, masaya ndi zala. Musatikite, musaike pa hita. Viikani m'madzi ofunda a 37 mpaka 39°C kwa mphindi pafupifupi 30. Kupweteka pamene magazi akubwerera n'kwachibadwa. Pakatuluka matuza kapena dzanzi likapanda kutha, pitani kuchipatala.

Malume_Gondwe

Za kutitimira, khalani m'galimoto, lamba ali chimangire. Pa 400 choopsa choyamba ndi magalimoto akumbuyo amene sakukuonani. Squall ikakupezani mukuyenda, musaime pakati pa msewu. Chepetsani liwiro pang'onopang'ono, magetsi aakulu ayi chifukwa amangowalitsa sinowo m'maso mwanu, ndipo tulukani pa mphambano yoyamba mukaime pa filing'i siteshoni kapena pa malo opumira a ONroute a ku Innisfil ngati mukulowera kummwera.

Ngati galimoto yakanirira ndithu, yatsani ma hazard, imbani 911 pakakhala ngozi kapena wovulala, ndipo nenani mbali imene mukulowera ndi mphambano yomaliza imene mwadutsa. Kuyenda pansi m'chimphepo choyera munthu amasokera pa mamita ochepa. Pa namondwe wa ku Buffalo mu Disembala 2022 anafa anthu oposa 40, ena m'magalimoto, ena panja m'sinowo. Injini muziiliza mphindi 10 pa ola lililonse kuti mutenthedwe, windo la mbali yosawomba mphepo lili lotsegula pang'ono. Musanailize, onetsetsani kuti paipi ya ekizozi sinakwiririke, apo ayi utsi uja anena anesi ulowa mkati. Potuluka kukaifukula, tulukirani chitseko cha kutali ndi magalimoto odutsa. Foni ikhale m'thumba lamkati pafupi ndi thupi, batire lake limatha msanga likazizidwa.

Kukatitimira pamalo oimika magalimoto ndi nkhani ina. Fukulani kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala okoka ndi pansi pa galimoto, wongolani chiwongolero, thirani mchenga, zimitsani traction control (yoletsa matayala kuzungulira pachabe) kwa kanthawi, kenako pitani kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono, mafuta ochepa. Mukaponda kwambiri tayala limasungunula sinowo n'kudzipangira ayezi pansi pake. Mukatuluka, yatsaninso traction control musanalowe mumsewu.